Wolotsi ya Nthawi ya Nkhomaliro

Lolemba, 14 Okutobala 1974

Kope latsopano, mzinda watsopano. Sabata yachiwiri ku Lilongwe. Fumbi lofiira paliponse, m'tsitsi, m'mano, m'kati mwa makina anga otaipira. Koma ndikusangalala, ndisaname.

Ofesi yathu pa Kapito Hilu ikununkhabe penti. Mazenera akuluakulu. Ukasuzumira panja ukuona tchire, mathirakitala, ndi misewu yotakata yopita kumene kulibe ngakhale nyumba imodzi. Ku Zomba tinkapanikizana atsikana asanu m'kachipinda konunkha nkhungu. Kuno chipinda ngati tchalitchi. Matebulo anafika, mipando inafika, mafayilo ayi. Akuti lole imene inawanyamula inafera panjira cha ku Ntcheu. Ntchito palibe, tikungopukuta makina opukuta kale.

Ndikukhala ku Eliya 4, kutauni yakale, kwa amalume a Lawford Chikaonda ndi akazi awo Anaphiri. Atate anandilola kubwera kuno chifukwa choti ndidzakhala m'manja mwa amalume basi. Amalumewo ndi telala wa pakhonde la sitolo, mkulu wa mpingo, munthu woseka kamodzi pamwezi. Dzuwa lisanalowe ndikhale ndafika pakhomo. Za dansi ndisayerekeze. Kumpingo kwathu wovina dansi amadulidwa.

Lero ndakalipiridwa. Basi yoyamba inandisiya, yachiwiri inabwera yodzaza, ndinafika hafu eyiti. Ndinalowa ndikuseka ndi mnzanga Sauda, amene tinasamuka naye ku Zomba. Mayi Kayira, mkulu wa ife otaipa, ali chilili pakhomo, manja atapinda. "Efelo, you don't waltz in here at half past eight." Ndinapepesa. Koma mawu apakatiwo sindinawamve. Sauda akuti wolotsi ndi dansi ya azungu. Nanga ine ndinavina pati? Ndinangolowa!

Lachiwiri, 15 Okutobala

Ndafika seveni isanakwane, pakhomo asanatsegule.

Usiku mawu aja anandisautsa. Ngati zimveka kuti ndinavina mu ofesi, amalume angandidye wamoyo. Nthawi ya tiyi ndinalimba mtima n'kukafunsa. Mayi Kayira anaseka mpaka kuvula magalasi. Sindinkadziwa kuti ali ndi mano okongola chonchi.

Anandilembera pakapepala: waltz. Zilembo zisanu, koma pakamwa zikukana kutuluka. Akuti inde ndi dansi, ya masitepe atatu. Koma azungu akanena kuti munthu walowa mwa wolotsi, ndiye kuti walowa mosatekeseka, ngati pakhomo pa atate ake, pamene anayenera kulowa ndi manyazi. Anaphunzira zaka ziwiri ku Mangalande, amadziwa.

Sauda, pakamwa pake posatseka paja: "Nanga dansiyo imavinidwa bwanji, mayi?"

Anayang'ana kukhonde, anatseka chitseko, anavula nsapato. Mayi wamkulu ameneyu! Wani, thu, fili. Wani, thu, fili. Manja m'mwamba ngati wagwira munthu wosaoneka, kuzungulira tebulo langa ngati alibe mapazi. Tonse pakamwa yasa.

Akuti mawa nthawi ya nkhomaliro, amene akufuna atsale.

Ine sinditsala.

Lachinayi, 17 Okutobala

Ndinatsala. Dzulo ndi lero.

Timakankhira matebulo kukhoma. Nyimbo palibe, Mayi Kayira amaimba ndi mphuno n'kumaomba m'manja. Amuna palibe, timasinthana. Ine wamtali ndiye ndimakhala mwamuna wa Sauda. Dzulo tinagundana maondo, tinagwera pa dengu la mapepala. Lero, mwadzidzidzi, zinatheka. Sitepe yoyamba yaitali, ziwiri zazifupi, thupi n'kumangopita lokha. Chipinda chinazungulira, mazenera, tchire, mazenera. Ndinakuwa!

Mbatata yanga ndinadyera mu basi pobwerera.

Madzulo amalume anawerenga mawu ndi kupemphera. Ine maso ndatsinzina, zala zakuphazi zikuwerenga pansi pa mpando. Mulungu andikhululukire. Kodi ndi tchimo ngati palibe nyimbo, palibe mwamuna, ndiponso ndi masana dzuwa likuswa mtengo?

Lolemba, 21 Okutobala

Mafayilo afika, fumbi lokhalokha. Tsiku lonse kusanja. Msana ukuwawa.

Nkhani ziwiri pa bolodi. Yoyamba: bwana wamkulu wa nthambi yathu akufuna sekilitale, amene anali naye anakana kusamuka ku Zomba. Mayeso a kutaipa Lachisanu lino. Mayi Kayira alemba dzina langa osandifunsa. Yachiwiri: pa 9 Novembala kuli phwando lokondwerera kuti nthambi yonse yasamuka. Mu holo kutauni yakale, kuyambira faifi. Kudzakhala gulu loimba. Dansi!

Sauda walumpha. Ine mtima gu gu gu, sindikudziwa kuti ndi chifukwa cha iti.

Mawu aja abereka mwana wina. M'mawa Mayi Kayira anapeza mpando wawo wozungulira palibe. "Who has waltzed off with my chair?" Kani amatanthauzanso kunyamula chinthu cha eni n'kuchoka nacho mosaopa, ngati n'chako. Basi atsikana tawatola. Tsopano ndi kuwolotsa. Wawolotsa ndani ndi labala yanga? Usandiwolotsere pamzere wa tiyi. Ngakhale mzimayi wosesa wayamba kunena.

Wakuba mpando anadzibweretsa yekha nthawi ya nkhomaliro, mpando uli pamutu. Anatipeza tili pakati povina. Norman Msowoya, wa ku ofesi yojambula mapu a misewu. Wamtali, wowonda, inki kuzala. Anafuna kuthawa. Mayi Kayira anati chilango chake n'chakuti mawa abwere ndi anzake awiri, atsikana atopa kukhala amuna.

Lachitatu, 23 Okutobala

Anabwera yekha. Anzake anachita mantha.

Mayi Kayira anatiika awiri chifukwa cha msinkhu. Dzanja lake kumsana kwanga, pansi pa phewa. Langa paphewa pake. Sindinagwiridwepo chotero ndi mwamuna chibadwire, masana, anthu akuona. Ndinayang'ana batani la malaya ake mpaka kumapeto. Batani losokedwa ndi ulusi wa mtundu wina. Amadzisokera yekha ameneyu.

Wandiponda kanayi. Ponda iliyonse "pepani chomene". Kwawo ndi ku Rumphi. Sawerenga m'Chingerezi, amanong'ona m'chinenero chawo: kamoza, kawiri, katatu. Ndinaseka, ndinasokoneza sitepe, n'kumuponda inenso.

Anandionetsa pazenera pamene padzakhale misewu imene akujambula. Ine ndikuona udzu ndi chulu. Iye akuona mabasi, magetsi, masitolo. Amalankhula ngati anapitako kale n'kubwerako.

Mayeso mkuja. Ndiyenera kuganiza za mayeso.

Lachisanu, 25 Okutobala

Zatha! Tinali asanu ndi awiri, ena ochokera ku nthambi zina. Bwana wamkulu anabwera yekha kudzaonerera, ataima kumbuyo ndi wotchi m'manja. Mzere woyamba ndinalakwitsa chilembo, ndinati basi zanga zada. Kenaka sindikudziwa chinachitika n'chiyani. Zala zinayamba kuyenda zokha, belu la makina likungolira. Nditatulutsa pepala lomaliza anzanga anali akadali pa lachiwiri.

Zotsatira Lachiwiri.

Loweruka, 26 Okutobala

Kunyumba kwa Mayi Kayira ku Eliya 10. Anatiitana kuti timve nyimbo yeniyeni pa galamafoni. Amalume ndinawauza kuti akulu a kuntchito andiitana. Si bodza. Koma si zoona zonse, ndikudziwa.

Eliya 10! Nyumba kutalikirana ngati minda. Mipanda yatsopano, mitengo yongobzala kumene yofika m'chiuno, mlonda pageti. Palibe woyenda pansi kupatula ife ndi anthu othirira maluwa. Ine, Sauda ndi Norman tinatsika basi ku Siti Senta n'kuyenda dzuwa lili pamutu. Chidendene cha nsapato yanga chinatsala pang'ono kuchoka.

Singano itangokhudza mbale ya nyimbo, ndinamva tsitsi kuima. Kani masiku onsewa timavina chigoba! Nyimbo imakunyamula pa sitepe yoyamba, n'kukutula pang'onopang'ono pa ziwiri zinazo. Tinavina pasimenti yofiira yopolishidwa, ine wopanda nsapato. Norman sanandiponde ngakhale kamodzi. Nyimbo itatha tinapitirirabe masitepe angapo osazindikira. Sauda anatsokomola dala.

Pobwerera Norman anafunsa ngati ndidzabwere pa 9. Ndinati ndiona. Ndiona chiyani? Nditulukira pati?

Ndinafika dzuwa lisanalowe. Anaphiri anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti nkhope yanga yawala, kuntchitoko akundidyetsa chiyani.

Lachiwiri, 29 Okutobala

NDAKHOZA. Woyamba! Kuyambira Lolemba ndine sekilitale wa bwana wamkulu. Chipinda changachanga, telefoni patebulo. Ine, Efelo wa ku Linthipe, amene ndinkaphunzira kutaipa pa katoni yojambulapo zilembo!

Mayi Kayira anaphatika kapepala kawo pa kalata ya zotsatira: "Well done, Efelo. You waltzed through it. The boss was watching and he was very pleased." Tanthauzo linanso! Akuti kudutsa pa chinthu chovuta mosavutika, ngati ukungovina. Mawu amodzi omwewa anandikalipira nawo, lero akundiyamika nawo.

Kalata ndaonetsa kunyumba. Anaphiri analulutira, anapha nkhuku. Amalume anati, "Tiyamike Mulungu," koma ndinaona kukamwa kukufuna kumwetulira. Kapepala kaja sindinaonetse. Kali m'thumba la siketi, ndikumakagwira.

Lachinayi, 31 Okutobala

Ndadzipha ndekha.

Zipi ya siketi inaduka dzulo. M'mawa ndinaisiya pa makina a amalume kuti andikonzere. Kapepala kali m'thumba momwemo.

Chingerezi amalume amawerenga pang'ono. Anaona mawu achilendowo, anatseka makina, ulendo kwa a Jobu, mphunzitsi wopuma amene ali ndi dikishonale yaikulu. A Jobu anatsegula, anapeza, anamasulira: dansi imene mwamuna ndi mkazi amagwirana n'kumazungulira. Kenaka anamasulira ndi mzere wachiwiri. Bwana anali kuonerera, ndipo anakondwa kwambiri.

Amalume ndinawapeza atakhala pakhonde, kapepala pabondo. Sanakweze mawu. Bola akanakweza. "Kani udindo wako unaupeza chonchi? Kuvinira bwana?"

Ndinafotokoza. Ndinati ndi kalankhulidwe chabe, akutanthauza mayeso. Anati a Jobu aphunzitsa zaka makumi atatu, ine ndi ndani kuti nditsutse buku. Ndimange katundu, Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi andiperekeza ku basi ya ku Linthipe. Ntchito ithere pomwepa.

Anaphiri akulira kukhitchini. Ine misozi yakana. Ntchito yanga. Ndinaipeza ndi zala zangazi, palibe anandipatsa. Ndipo chopweteka n'chakuti akundinamizira dansi imene sindinavine, pamene imene ndinavinadi sakuidziwa.

Lachisanu, 1 Novembala

Tsiku ili sindidzaliiwala.

Teni koloko, ndikutaipa, Sauda akundikodola. Pakhomo amalume! Suti yakuda ya pa mgonero, chipewa m'manja, nsapato zofiira ndi fumbi. Anakwera basi okha mpaka kuno, anafunsa chipinda ndi chipinda. Akufuna kuonana ndi mayi amene analemba kapepalaka.

Ndinati ndikomoka. Koma Mayi Kayira anawalandira ngati nduna. Mpando wozungulira uja, tiyi m'kapu ya sosala. Anawerenga kapepala kawo komwe, sanaseke ngakhale pang'ono. Anatulutsa mapepala a mayeso, anga ndi a ena, kuwaonetsa zolakwika zozunguliridwa ndi inki yofiira. Pa anga chimodzi chokha. Anati, "Bambo, mawuwa ndinalemba ndine, ndipo ndinalakwa kusaganiza kuti akawerengedwa kunyumba. Akutanthauza kuti mwana wanu anadutsa pamene ena anapunthwa. Bwana ankaonerera zala pa makina, ndi wotchi m'manja."

Kenaka anandiuza nditaipe amalume akuona. Ndinataipa ngati ndikuthawa moto. Amalume anaimirira, anaweramira makina monga amachitira ndi awo osokera, n'kunena motsitsa, "Osayang'ana n'komwe zalazo?"

Anandilola kuwaperekeza pokwerera basi. Tinayenda mpaka pa mtengo wina umene anausiya pakati pa msewu watsopano. Anaima. Anati, "Mphwanga, ndinakulakwira. Munthu wamkulu ndachita manyazi lero." Amalume kupepesa kwa ine! Ndiye anaonjeza akumwetulira, "Ndiye kuti dansi imeneyi sunaivinepo n'komwe eti?"

Ndikanangoti eya. Mawu amodzi. Basi inali ikubwera kale.

Ndinati ndinavina. Masiku onse nthawi ya nkhomaliro, ndi Loweruka lija ku Eliya 10. Poyamba ndi Sauda, kenaka ndi mnyamata wa ku ofesi ya mapu. Ndinatchula ndi dzina lomwe. Ndinati kuli phwando pa 9 ndipo mtima wanga ukufuna kupita.

Kumwetulira kuja kunazima. Anavala chipewa, anakwera basi, sanacheuke.

Ndine chitsiru kapena?

Lolemba, 4 Novembala

Dzulo amalume sanandiperekeze ku basi. Sananenenso kuti nditsale. Katundu wanga ali chimangire pakona. Patebulo amalankhula ndi Anaphiri okha: muuzeni andipatse mchere.

Tsiku loyamba m'chipinda chatsopano. Telefoni italira koyamba ndinadzidzimuka mpaka kugwetsa pensulo. Makalata asanu ndi atatu, onse asainidwa popanda kubwezedwa. Ndikanakondwa bwanji zinthu zikanakhala bwino kunyumba.

Nkhomaliro ndinadyera patebulo langa. Kudzera kukhoma ndikumva m'manja mwa Mayi Kayira, wani, thu, fili. Norman anagogoda, anafunsa ngati wandilakwira. Ndinamuuza zonse. Anati apite yekha akapepese kwa amalume. Ndinamuletsa. Anaima pakhomo akupotokola chala cha inki chija, n'kunena kuti ngati ine sindipita pa 9, iyenso sapita.

Lachitatu, 6 Novembala

Sindikumvetsa! Ndilembe mwadongosolo.

Dzulo tikutsuka mbale Anaphiri anandinong'oneza. Amalume anakhala zaka khumi ndi chimodzi ku Sozibele, mzinda waukulu uja wa kunja kwa dziko lino, asanakwatire. Izo ndinkadziwa. Chimene sindinkadziwa: ankasoka madiresi a akazi opita ku mipikisano ya dansi m'maholo a kumeneko. Ndipo sankangosoka. "Usadzanene kuti wamva kwa ine." Atabwerera kumudzi analowa mpingo, nkhaniyo anaikwirira. Ndiye kuti mawu aja pakapepala anawadziwa asanapite n'komwe kwa a Jobu! Anangofuna wina awauze kuti maso awo akunama.

Lero nditafika, amalume ali pa makina, tepi m'khosi. "Taima apa. Tambasula manja." Mawu oyamba kwa ine chichokere Lachisanu. Anayeza phewa, chiuno, kutalika mpaka kumusi kwa mawondo, akulemba ndi choko pathabwa. Pampando nsalu yabuluu, yambiri.

Anati, osandiyang'ana, "Diresi ya wolotsi imafuna nsalu yochuluka m'munsi. Ikachepa, ukazungulira imakumanga miyendo."

Anapitiriza. Akuti masiku asanu akhala akuganiza. Pa mtengo paja ndikanawanamiza sakanadziwa mpaka kufa. Iwo anaona atsikana ambiri ku Sozibele, ndipo amene anaonongeka sanaonongeke ndi masitepe, anaonongeka ndi kubisa. Adzandiperekeza okha mpaka pakhomo la holo, eyiti koloko adzanditenga. Za kumpingo sangazibise, akazinena okha kwa akulu anzawo. Mwina atiimika tonse awiri. "Tikaima limodzi."

Ndinagwada. Anati ndidzuke, ndikudetsa nsalu.

Lachisanu, 8 Novembala

Yatha! Masiku awiri makina osapuma, makasitomala a mathalauza akubwezedwa. Ndaiyesa. Pamwamba yogwira bwino, manja mpaka m'zigongono, m'munsi ngati belu. Ndinazungulira kamodzi m'chipinda, inatambasuka mpaka kuzimitsa nyali. Anaphiri m'manja wa wa wa. Amalume mapini ali kukamwa: "Usawerame. Mutu m'mwamba."

Norman nditamuuza kuti ndipita anagunda mutu pa chitseko potuluka. Sauda wandibwereka ndolo.

Kunja mitambo yakuda cha ku Dedza, mphepo ikununkha mvula. Isagwe mawa. Igwe Lolemba.

Lamulungu, 10 Novembala, m'mawa

Ndiyambire pati.

Dzulo folo koloko. Ndavala, tsitsi ndapesa, ndolo m'makutu. Amalume akupukuta nsapato. Pageti odi. Ndinathamanga kukatsegula ndikuyesa ndi Sauda.

Amayi.

Amayi anga ondibala, dengu pamutu, chitenje chafumbi, nkhope ngati yopita kumaliro. Ine m'diresi yabuluu.

Kani Lachinayi lija, atangochoka kwa a Jobu, amalume anaponya kalata ku Linthipe. Mwana wanu walowerera, akuvinira mabwana. Pambuyo pake anaiwala kulemba ina, kapena anachita manyazi. Atate anadwala nayo kalatayo, anatuma amayi kuti adzanditenge.

Anatula dengu. Anandiyang'ana kuyambira kundolo mpaka kunsapato. Anagwira mpendero wa diresi, anautembenuza, anaona kasokedwe. "Achimwene, kalata munalemba ndinu. Msoko uwunso ndi wanu. Ndimve ziti?"

Amalume, mkulu wa mpingo, chibwibwi ngati mwana wa sukulu. Anafotokoza za kapepala, za mayeso, za ulendo wawo wa ku Kapito Hilu. Ine ndinaonjeza zanga zonse, sindinasiyeko. Amayi anakhala pa mpando, anamwa madzi kapu yonse. Ndiye anati, "Ndayenda ulendo wautali. Tavinani ndione chimene ndadzera."

Ndinati pamafunika awiri. Anaphiri akuyang'ana kudenga. Amalume anaika nsapato pansi, anapukuta manja, anaimirira.

Pabwalo, pafumbi, nkhuku zikuthawa. Popanda nyimbo. Ndinkayesa Mayi Kayira amadziwa, ndinkayesa Norman wayamba kudziwa. Ayi. Amalume sawerenga n'komwe. Dzanja lawo limangokuuza kopita, iwe n'kupezeka wafika kale. Msana chilili, mapazi osamveka. Tinazungulira mtengo wa mango kawiri. Anaphiri chitenje kukamwa, misozi mbwe.

Titaima amayi anati, "Ndi zomwezi? Kuyenda mozungulira basi? Ife pa chimtali tinkatyoka m'chiuno kuposa apa." Ndinayamba kuseka. Anakweza chala. "Koma dzanja lakumsanalo. Lero ndi la amalume ako. Kuholoko likhala la yani?"

Ndinatchula.

"Mwini dzanja abwere mawa ndimuone. Pita, uchedwa."

Za phwando ndilembe chiyani? Magetsi amitundumitundu, gulu loimba la anthu asanu, malipenga. Mayi Kayira m'diresi yobiriwira. Wolotsi inaimbidwa katatu, katatu konse ndinavina. Kachitatu anthu anatipatsa malo pakati, sindikudziwa chifukwa chake, mwina diresi. Norman anasiya kunong'ona manambala. Ndili m'manja mwake ndinamuuza kuti amayi akumufuna mawa fili koloko. Anaphonya sitepe, anandiponda, koma anati abwera. Eyiti koloko amalume ali pakhomo ndi ambulera. Mvula inayamba tili pa mlatho.

Lamulungu lomweli, masana

Kutchalitchi tapita tonse. Titatuluka amalume anatsalira ndi akulu anzawo. Abwera osanena zambiri, akuti nkhani ikambidwa Lachinayi, ine ndi iwo tikaonekere. Ndili ndi mantha, koma osati ngati a sabata yatha.

Amayi andifunsa za Norman tikusenda nyemba. Amagwira ntchito yanji, amapemphera kuti, makolo alipo. Ndayankha. Kenaka, kwawo n'kuti?

Ndinati ku Rumphi.

Manja anaima m'lichero. "Kumpoto? Kumene mkazi amapita kwa mwamuna osabwerako, ana n'kukhala a eni?" Ndinati mumtima basi, zathera pano. Anasenda nyemba zina zingapo, nkhope yosawerengeka. Atate akamva bwanji, sindikudziwa. Palibe wanena za ukwati, ngakhale Norman yemwe, koma amayi aona kale kutsogolo kuposa iye ndi mapu ake.

Patapita nthawi anafunsa, osandiyang'ana, "Kwawoko mlendo amamulonjera bwanji?"

Ndinati amati monire.

Panopa akusesa pabwalo kachiwiri, posesa kale. Avala mpango wa kutchalitchi. Ndikuwamva pazenera akuyeserera chapansipansi, monire, monire, ngati akulawa mchere m'ndiwo.

Kwatsala mphindi khumi kuti ikwane fili. Belu la njinga pageti. Wafulumira! Amayi aponya tsache, akukonza mpango, ndipo ine ndilibe ngakhale nsapato kuphazi